Chaka Chimene Tinawaza Madzi pa Madeya

Ena kuno kwa Kaluluma amati chinali chaka cha ng'amba. Ena amati chaka cha gaga. Ine ndimati chaka cha alamu anga a Zimba, chifukwa ndikachikumbukira ndimayamba kumva chifuwa chawo. Ndilemba zimene ndinaona. Pamene sindinamvetse ndinena kuti sindinamvetse, ndipo malo otero ndi ambiri.

Novembala

Nkhokwe inatha mvula isanagwe. Chaka cham'mbuyo dzuwa linagwira chimanga chikumasula, tinakolola zoti n'kunyamula pa njinga. Fodya ndinali nditasiya, feteleza atandikanika. Ndiye ndinkagwira ntchito kwa Che Saidi, mwini golosale pamsika wathu. Kuseri kwa sitolo anali ndi makola a nkhuku za mazira ndi kachigayo kamagetsi.

Chakudya cha nkhuku cha m'matumba chinakwera mtengo. Che Saidi anati tizipanga tokha. Ankagula chimanga chilichonse chimene mavenda abwera nacho, chofumbwa, chosweka, chakuda kumtima. Ankagulanso madeya m'zigayo za m'midzi, soya pang'ono ndi zinyenyeswa za usipa. Ine ndinkagaya n'kusakaniza ndi fosholo m'kanyumba kopanda zenera. Ndinkatuluka nditayera mpaka nsidze. Ndikamina, kunkatuluka phala.

Malipiro anali kandalama ndi ndowa ya madeya Loweruka lililonse. Kandalamako sikankafika patali. Ndowayo ndiyo inkatisunga.

Mvula inagwa kumapeto kwa mwezi. Tinabzala.

Disembala

A Zimba ndi achimwene ake a mkazi wanga, Nyazimba. Mkulu wa mpingo, munthu woti kachasu sanamulawepo. Pa fodya panalibe wowaposa. Nthawi yosankha ankaitanidwa m'maesiteti, ndipo tsamba ankalidziwa ndi chala ndi mphuno asanaliyang'ane n'komwe. Chaka chimenecho nazale yawo inauma chitsime chitaphwa. Ana kunyumba ambiri.

Nyazimba anati, "Kawapemphereni achimwene ntchito. Akazi awo akuphika mango osapsa."

Ndinapempha. Che Saidi analola.

Tsiku loyamba a Zimba analowa m'kanyumbako, ine ndikutembenuza mulu. Anayetsemula mpaka chipewa chinagwa.

"Alamu, mumapuma zimenezi tsiku ndi tsiku?"

"Eya."

"Mutu mumausiya kunyumba?"

"Ntchito yake ndi yotero."

"Yayi. Fodya akauma mpaka kunyenyeka mumatani?"

"Timawaza madzi."

"Nanga pano chavuta n'chiyani?"

Mawa lake anabwera ndi kheni yawo ya ku nazale. Anawaza pa mulu wa madeya mwaluso, dzanja lili m'mwamba, madzi akugwa ngati mawawa. Anatembenuza, anawazanso, kenako anafunditsa zisaka monga timachitira ndi fodya kuti chinyezi chilowerere. Titavundukula m'mawa, fumbi kunalibe. Ndinapuma mpweya wonse mpaka pansi pa chifuwa, koyamba chilowereni ntchitoyo.

Che Saidi analowa atavala mkanjo woyera, natuluka uli woyerabe.

"Madala, inu ndi injiniya," anatero. "Munali kuti masiku onsewa?"

A Zimba anangoti, "Za fodya izi, bwana."

Ndinanyadira. Ndi ine ndinawabweretsa.

Magetsi ankazimazima. Akayaka tinkagaya zambiri, mulu wofika m'chiuno, woti ukhale masiku. Tinkauwaza, kuufunditsa, kutapa pang'onopang'ono. Ndowa zathu za Loweruka tinkatapa pomwepo tisanathire usipa.

Januwale

Mvula inabwera yosalekeza. Chimanga m'munda chinali chokongola koma m'nyumba munalibe kanthu. Pamsika mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Mavenda anasiya kuyeza ndi ndowa, anayamba kuyeza ndi kambale. Mnansi wanga anagulitsa mbuzi, kenako njinga, kenako anazula malata a khonde. Anyamata ankapita kukasaka ganyu m'maesiteti a kwa Wimbe, kubwerako ndi ufa wa m'jumbo. Sabata iliyonse kunkamveka kuti galimoto ya chimanga chaulere yafika ku boma. Ife sitinaione.

Kwathu ndi kwa a Zimba moto unkayaka. Nsima ya gaga, yakuda, yowawira kukhosi, koma inkatsika.

Mwezi umenewo mulu unayamba kutentha m'kati. Ukapisa dzanja unkamva ngati wagwira mimba ya ng'ombe. Pansi pake panapangika zigulumwa, zina zobiriwira, zina zachikasu. A Zimba ananyamula chimodzi n'kupita nacho pamphuno. Ndi chizolowezi chawo. Munthu wa fodya chilichonse amanunkhiza.

"Kafungo kokha," anatero. "Nkhuku siisankha."

Ankaziphwanya ndi manja, atagwada, nkhope ili pafupi. Chigulumwa chikaphwanyika munkatuluka kautsi kobiriwira. Sikanali ngati fumbi loyera lija. Kanali kopepuka, kosafuna kutera. A Zimba akakaona ankati fumbi labwerera, n'kutenga kheni kuwazanso.

Ine nthawi zambiri ndinali ku chigayo kapena kotola mazira. Maso ankandiyabwa, ndinkatsokomola, basi. Iwo zinawagwira mwa mtundu wina. Tikaweruka, pofika kunyumba thupi latentha, akunjenjemera, chifuwa chathina. M'mawa ankadzuka bwinoko. Lamulungu ankaimba m'tchalitchi mawu onse. Lolemba madzulo zabwereranso.

Kuchipatala chathu chaching'ono anawabaya chala. Malungo sanapezeke. Anawapatsa panado.

Nkhuku nazo zinayamba. Mazira anachepa, ena ankatuluka ofewa chikhokho. Kenako zinayamba kufa, lero iyi, mawa zija. Che Saidi ndi Msilamu, nyama yofa yokha sagulitsa ndipo sapatsa munthu. Anati tizikwirira kuseri kwa mpanda. Tinkakwirira. M'mawa tinkapeza dzenje lili pululu.

Mphekesera zinayambira pa mjigo. Mayi wina anauza Nyazimba kuti Che Saidi anakhwimira chuma, mankhwala ake atha nkhuku, tsopano akufuna munthu. Ena ankati ndi chifuwa chachikulu. Ena ankangoti, "Matenda aja," n'kuyang'ana kumbali, poti a Zimba anayendapo m'maesiteti. Akazi awo anamva zimenezo, anakhala masiku osawayankhula.

Nyazimba anandifunsa, "Inu mukuti n'chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Si mumakhala nawo tsiku lonse?"

Ndinkakhala nawo, inde. Koma ndinkaona munthu akugwira ntchito yake bwino, m'nyumba imene anaichotsa fumbi.

Febuluwale

Mwezi woipa. Maliro a ana anachuluka m'midzi ya kumtunda. Anthu ankadya bowa aliyense ndi mizu ya nthochi.

Maso a a Zimba anasanduka achikasu. Lamba anaboola bowo lina. Pokwera kachitunda ka pamsika ankaima kawiri, dzanja lili pa bondo.

Ndinati, "Alamu, pumulani kaye."

"Ndowa mundipatsa ndinu?"

"Tigawana yanga."

"Nyumba ziwiri ndowa imodzi? Ndikakhala pansi ana adya chifuwa changa?"

Anapitiriza kubwera.

Che Saidi anaitana mlangizi wa ziweto. Anamuitanira nkhuku. Anabwera pa njinga yamoto, mnyamata wamtali, matope mpaka m'mawondo. Anatumbula nkhuku imodzi yakufa. Chiwindi chinali chotuwa, chachikasu, ndipo atachigwira chinaphwanyika ngati dzira lophika. Anati timuonetse kumene timapangira chakudya.

Anavundukula chisaka, nabwerera m'mbuyo, nakoka malaya kutseka mphuno.

"Akuthira madzi apa ndani?"

A Zimba anaima mowongoka. "Ndine."

"Chifukwa?"

"Fumbi."

"Bambo, ichi ndi chuku. Chomwe chija amakanira mtedza. Mwachipatsa madzi, mwachifunditsa, mwachilera ngati mwana."

"Fodya timatero zaka zonse."

"Fodya mumawaza lero, mawa mwadinda. Ndipo fodya simudya."

Anati chuku chimatulutsa poizoni. Nkhuku zikuidya. Munthu wophwanya zigulumwa akuipuma, kautsi kaja kakulowa m'mapapo. Ndinafunsa ngati madeya otero ataphikidwa ali bwino. Anandiyang'ana.

"Mukudya?"

"Eya."

"Moto wophikira suipha."

"Kuyanika padzuwa?"

"Ayi."

Kenako anatapa chimanga chosagaya cha mavenda chija, nachiyang'ana pachikhatho. Anati ichinso chili nacho, chinabwera nacho kale.

A Zimba anafunsa, "Ndiye ndi madzi anga kapena chimanga chawo?"

"Zonse."

"Ndikanapanda kuwaza?"

"Mukanapuma fumbi louma. Nalonso si labwino."

Apa mutu wanga unaima. Kuwaza n'kolakwa. Kusawaza n'kolakwanso. Ndinafuna kufunsa kuti chabwino n'chiti, koma mlangizi anali akuyang'ana maso a a Zimba.

"Ine ndine wa nkhuku," anatero. "Koma inu pitani kuchipatala cha ku boma. Musadikire Lolemba."

Anati mulu wonse utenthedwe. Tinautulutsa ndi wilibala, nsalu zili kumphuno. Che Saidi anathira dizilo. Anthu anadzaza ku mpanda. Mayi wina wachikulire, Nachisale, amene tonse tinkadziwa kuti ndiye amafukula nkhuku, anakuwa:

"Saidi! Ukutentha chakudya mu Febuluwale? Mulungu wako akuona?"

"Amayi, ndi poizoni uyu."

"Njala si poizoni?"

Muluwo unali wonyowa, sunayake bwino. Unangofuka masiku. Anthu ankabwera ndi mabeseni kupalasa m'mbali mosapsa. Che Saidi anawathamangitsa, anawathamangitsanso, kenako anatopa.

Anatulutsa chimanga chabwino cha m'sitolo kutipatsa, ine ndi a Zimba. Anapezanso galimoto yowatengera ku boma. Pa mjigo anati, "Mwaona? Mtima ukumutsutsa." Akanapanda kuthandiza akanatinso ndi umboni. Ine Che Saidi ndinamuona atakhala pa thumba m'khola lopanda phokoso, manja ali kumutu. Sankaoneka ngati munthu amene mankhwala ake akuyenda.

Chimanga changa chabwinocho ndinapereka kwa ana a a Zimba. Kunyumba kwathu kunatsala madeya a Loweruka lapitalo. Ndinapeza Nyazimba akuwapeta, akutola tobiriwira n'kutaya.

"Alangizi aletsa," ndinatero.

"Alangiziwo adya kuno lero?"

"Akuti ndi zimene zadwalitsa achimwene ako."

"Akuti. Inu mwadya zomwezi chiyambire Novembala. Mwafa?"

Anaphika. Ana anadya. Inenso ndinadya.

Malichi

Nyazimba anapita kukadikirira achimwene ake, poti akazi awo anali ndi khanda. Ine ndinapitako kamodzi. Ndinawapeza atagona chammbali, mimba yatupa, mapazi atupa. Kupuma kwawo kunkamveka uli pakhomo.

Dokotala anali mayi. Anawafunsa ngati amamwa kachasu. A Zimba anayesa kudzuka kuti akwiye bwino, mphamvu zinakana.

"Ndine mkulu wa mpingo, mwana wanga."

"Pepani, bambo. Timafunsa aliyense."

Chifuwa chachikulu sanachipeze. Matenda aja sanawapeze. Akazi awo atamva analira, kenako anawatumizira nkhuku yophika, yachikuda. Koma kuchipatalako anapeza kachilombo kena ka m'chiwindi, koti mwina anakhala nako zaka zambiri osadziwa. Dokotala anati mapapo apwetekedwa ndi fumbi la chuku, zimenezo sankakayika. Za chiwindi anati sanganene. Mwina kachilomboko, mwina chuku chimene anapuma ndi kudya, mwina ziwirizi zinathandizana.

Ndinamutsatira pakhonde.

"Ndiye chikuwapha n'chiti?"

"Sindinati akufa."

"Achira?"

"Tikuyesetsa."

"Nanga ine? Tinali m'nyumba imodzi, mbale imodzi."

"Matupi amasiyana. Koma musadyenso, ndipo muzitseka mphuno."

Ndinabwerera ndi mutu wolemera kuposa popita.

Ku khola tinasiya kuwaza. Fumbi loyera linabwerera. Che Saidi anagumula njerwa kupanga mazenera awiri, anagula zotseka pakamwa ndi pamphuno, anayamba kubweza chimanga chakuda kwa mavenda. Anati tizigaya zongokwana tsikulo. Chotsekacho chinkatentha, pofika masana chinali chitatsekeka ndi ufa. Ndinkachivula, kuchikutumula, kuchivalanso. Kheni ya a Zimba inatsala pa msomali kuseri kwa chitseko. Palibe anaichotsa.

Nkhuku zotsala zinayambanso kuikira mwezi usanathe. Zinachira msanga kuposa munthu.

Maungu anapsa, dowe anakhwima. Ana anayambanso kusewera panja. Ndinkayang'ana anthu amene anapalasa mulu uja ndi amene ankafukula nkhuku. Ndinkadikira kuona maso achikasu. Sindinawaone. Nachisale alipo mpaka lero, amalima yekha ndipo amatukwanabe. Ndinkayang'ananso ana anga m'maso m'mawa uliwonse, mpaka wamkulu anandifunsa ngati walakwa. Mlangizi nditakumana naye pamsika anati poizoni ameneyu nthawi zina amadikira zaka. Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akundiopseza.

Epulo

A Zimba anatuluka. Anatsika minibasi atagwira phewa la mlongo wawo. Jekete lawo la ku tchalitchi linkaoneka ngati lobwereka. Kuchipatala anawauza kuti asalowenso m'khola la nkhuku, m'chigayo, ngakhale m'chigafa cha fodya.

Inali nthawi yosankha. Amene anali ndi fodya ankawaitanabe. Ankapita pang'onopang'ono n'kukhala pa mpando panja, kutali ndi khomo la chigafa, anthu n'kumawabweretsera masamba. Ankagwira, kuyang'ana, kunena. Pamphuno sankapititsa. Mwini fodya wina anati a Zimba a chaka chino akusankha ngati munthu wamba.

Tsiku lina anandifunsa, "Alamu, mukuwaza?"

"Ayi."

"Nanga fumbi?"

"Tikupuma."

Kenako anati, "Koma linatha, si choncho? Masiku oyamba aja. Munapuma bwino."

"Linatha."

"Ndiye sindinaname."

"Simunaname."

Pa mjigo nkhani inasintha. Tsopano ankati a Zimba anapulumuka chifukwa cha mapemphero a mpingo, mankhwala a Che Saidi anabwerera ku nkhuku. Za chuku ankazitchula ochepa.

Meyi

Chimanga chinachita bwino. Koma titadula n'kuimika mikukwe kunagwa mvula yochedwa, ya masiku, yosafunika. Mikukwe ina inagwa, inamwa madzi.

Ine ndi Nyazimba tinapita kukakolola m'munda mwa a Zimba. Iwo anakana kutsala. Anakhala pa mzere, akusenda pang'onopang'ono, akupuma pakati. Pa mkukwe wina wakugwa anasenda chimanga chachikulu, chodzaza bwino. Kunsonga kwake kunali kobiriwira. Pang'ono pokha, ngati chikhadabo.

Dzanja lawo linanyamuka lokha kupita kumphuno. Linaima panjira.

Anandipatsira. "Taonani inu, alamu."

Ndinachitembenuza. Mbali zonse chinali choyera, cholimba, chakudya cha mwana tsiku lathunthu. Mlangizi anati poizoni saoneka ndi maso, akhoza kukhala ndi m'njere zoyera. Anatinso si chuku chilichonse chili naye. Ndinayang'ana mikukwe yakugwa. Inali yambiri.

"Titaye?" anafunsa.

"Kaya."

"Tisunge?"

"Kaya, alamu."

Tinakhala choncho, amuna awiri, chimanga chimodzi. Nyazimba anabwera ndi dengu pamutu. Anatiyang'ana, anandilanda chimangacho, anathyola nsonga ndi chala chachikulu n'kuiponya kutchire. Chotsalacho anaponya m'dengu.

"Dzuwa likupita," anatero.

A Zimba anatola china n'kuyamba kusenda.